Chonyamulira chiwindi pa laparoscopy ya kumtunda kwa mimba: tigule chiti?

Kamwendo_registrar

Moni akuluakulu nonse. Pachipatala pathu laparoscopy, opaleshoni ya m'mimba yodzera m'timabowo ndi kamera, yakhala ya ndulu, appendix ndi ectopic (mimba yokhala kunja kwa chiberekero) basi. Tsopano tikufuna kuyamba za kumtunda, makamaka Heller myotomy (kudula minofu ya kumunsi kwa oesophagus, njira ya chakudya) kwa odwala achalasia, amene chakudya chimakanika kulowa m'chifu, ndi kukonza hiatal hernia (chifu chokwera m'chifuwa). Kamera ya madigiri 30 ilipo, ma port (timapaipi tolowetsera zida) a 5 mm ndi 10 mm alipo, ma grasper (zopanira) alipo. Chonyamulira chiwindi chimene chili m'kabati ndi fan imodzi yokha ya 10 mm, ya zala 5. Ndalama zimene zapezeka n'zokwanira chida chimodzi. Kodi tigule mbedza ya Nathanson, tigule chida chopindika chija cha ngati Diamond-Flex, kapena fan yomweyi itikwanira? Ndikupemphanso amene mumagwiritsa ntchito Nathanson mundifotokozere kalowetsedwe kake bwinobwino, ndi nthawi imene chiwindi chingakhale chonyamulidwa osawonongeka. Ndamvanso kuti ALT, enzyme ya chiwindi yoyezedwa m'magazi, imakwera mawa lake la opaleshoni. Kodi n'zoti tidere nazo nkhawa? Zikomo.

Gondwe

A Kamwendo, gulani Nathanson, koma mugule pamodzi ndi mkono wake womangirira ku tebulo. Ambiri amaitanitsa mbedza zokha poona kuti mkono ndi wokwera mtengo, kenako n'kupatsa wothandizira kuti agwire ndi dzanja kwa maola awiri. Pamenepo phindu la chidacho latayika. Dzanja limatopa, limatsika pang'onopang'ono, mwini wake akazindikira amakankha mwamphamvu kuti abwezere, ndipo zonsezi zimachitika kamera ikuyang'ana kwina.

Chimene chimaphimba hiatus, bowo la pa diaphragm podutsa oesophagus, ndi mbali ya kumanzere ya chiwindi, segment 2 ndi 3. Mbali imeneyi ndi yopyapyala, ndipo magazi ake amalowera malo amodzi, pa umbilical fissure, pansi pa falciform ligament, kansalu komangirira chiwindi ku khoma la kutsogolo la mimba. Mukaipinda kwambiri pamenepo, kapena mukaipanikiza pakati pa chitsulo ndi diaphragm, mwaitsekera magazi. Paja portal vein imabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi a chiwindi, koma mphamvu yake ndi 5 mpaka 10 mmHg chabe, pamene CO2 imene mwapopera m'mimba ili pa 12 mpaka 15. Chitsulo chisanakhudze n'komwe, magazi achepa kale. N'chifukwa chake cholinga si kukweza chiwindi mpaka pothera mphamvu ya chida, koma kuchikweza pokhapo pamene hiatus yaonekera, n'kulekera pomwepo.

Musanatenge mbedza, wogonetsa alowetse chubu m'chifu achotse mpweya, ndipo tebulo lipendekeke mutu m'mwamba madigiri 20 mpaka 30. Matumbo ndi omentum zimatsika zokha, theka la ntchito n'kukhala latha.

Mbedzayi, yomwe anaikonza Leslie Nathanson wa ku Brisbane ku Australia, ndi chitsulo chimodzi chopindidwa, chopanda mahinji kapena waya mkati, ndipo siilowa kudzera mu port. Chekani khungu mamilimita 5, sentimita imodzi kapena awiri pansi pa xiphoid (kafupa ka kumunsi kwa fupa la pachifuwa), chakumanzere pang'ono kwa mzere wapakati. Musanacheke, dinani ndi chala mukuyang'ana pa kamera, kapena bayani singano ya jakisoni, mutsimikize kuti mutulukira kumanzere kwa falciform. Mukalowera m'mafuta a falciform momwemo, nsonga imakodwa, mafutawo amalendewera kutsogolo kwa kamera, ndipo mumayamba kulimbana nawo opaleshoni isanayambe. Mukapita kutali kumanzere mumalowa mu rectus, mmene muli superior epigastric artery, magazi n'kumadonthera pa malo ogwirira ntchito. Lowetsani trocar (chida chosongoka chobowolera) ya 5 mm kuti itsegule njira mpaka ibowole peritoneum, kenako ichotseni. Njira ikapanda kubowola peritoneum, mbedza yomwe ndi yobuntha imangoikankha n'kuisenda ku khoma la mimba.

Tsono lowetsani nsonga ya mbedza m'njira imeneyo, mukutsatira kupindika kwake ndi kuzunguza dzanja, osati kukankha molunjika. Nsonga iloze kumanzere kwa wodwala, pamalo opanda kanthu, ndipo isachoke pa kamera ngakhale kamphindi. Mbedza yonse ikalowa, tukulani m'mphepete mwa chiwindi ndi thunthu la grasper yobuntha, osati mano ake, n'kutembenuza mbedza ilowe pansi. Ikakhala bwino, msana wa kupindikako umafika pafupi ndi diaphragm kutsogolo kwa hiatus, nsonga imagona chafufumimba kuloza kumanzere, ndipo chiwindi chimatsamira pa chitsulo chonse. Nsonga ikaloza m'mwamba, kulemera konse kumagwera pa kadontho kamodzi, ndipo ndi pamene chiwindi chimabooka. Mukwezeni pang'ono, onani pars flaccida (kansalu kopyapyala pakati pa chiwindi ndi chifu) ndi right crus (mnofu wa kumanja kwa hiatus), mukaziona mangani mkono.

Saizi ikhale yofanana ndi chiwindi, osati ndi thupi. Zimabwera zazing'ono, zapakati ndi zazikulu, ndipo pali zina zotalika thunthu za anthu onenepa kwambiri. Mbedza yaing'ono pa chiwindi chachikulu imamira, mbali yotsala n'kulendewera pa angle of His, kona ya pamene oesophagus imakumana ndi chifu, pomwe mukufuna kuona. Yaikulu pa munthu wochepa imafika pa spleen kapena kukankha diaphragm. Odwala achalasia ambiri amabwera atawonda kwambiri, kotero yaing'ono ndi yapakati ndi zimene mudzagwiritsa ntchito kawirikawiri. Mpweya ukamatuluka m'mbali mwa chitsulo, ndiye kuti bala lakula. Msoko umodzi wa nylon kapena towel clip pakhungu zimatseka.

Za nthawi, chimene chimakuuzani zoona ndi mtundu wa chiwindi. Chofiirira mwachibadwa chili bwino. Chikayamba kuda mobiriwira, magazi akulowa koma sakutuluka. Chikatuwa, sakulowa. Zonse ziwiri zikufuna mumasule pompo. Ngakhale mtundu uli bwino, pa opaleshoni yopitirira ola masulani mkono kwa mphindi zochepa pa mphindi 30 mpaka 60 zilizonse, ndipo pobwezeretsa musunthe mbedza pang'ono isagwere pa mzere womwewo. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene mukupukuta kamera kapena kudikira ulusi.

Fan yanu musaitaye. Pa chilonda cha duodenum chobooka, pomwe mukungofuna kutukula ndulu ndi segment 4 kwa mphindi zochepa, imagwira bwino.

Nachisale_fiyeta

Bambo Gondwe afotokoza za dokotala. Ine ndiwonjezere za ife okonza zida, chifukwa chida chabwino chimafera ku sinki.

Musanaitanitse mkono, tengani tepi muyeze rail ya m'mbali mwa tebulo lanu. Matebulo a ku Ulaya ambiri ali ndi rail ya 25 mm kwa 10 mm, a ku America ndi yokulirapo pang'ono, pafupifupi 28.5 mm kwa 9.5 mm, ndipo ena a ku Britain ndi osiyananso. M'zipatala zathu matebulo anachokera kosiyanasiyana, ndiye chomangira chikhoza kufika n'kukana kulowa, kapena kulowa koma n'kumagwedera. Yezaninso mkati mwa autoclave, poti mkono ndi wautali. Chomangira chimakhala kudzanja lamanja la wodwala, chakukhwapa, ndipo pakati pa chitsulo ndi mkono wa wodwala payenera kulowa dzanja lanu momasuka. Tebulo likapendekeka, thupi limasuntha, ndipo chitsulo chimene chinali patali chimapezeka chikudina pa chigongono. Yesani kumanga ndi kumasula mkono wa chidacho wodwala asanagone tulo. Mfundo yake ikakhala yotha, imaoneka ngati yagwira koma imatsika yokha mkati mwa opaleshoni.

Ubwino wa Nathanson kwa ife ndi woti mulibe mobisala magazi. Burashi, madzi ndi sopo wa enzyme, kutsukuluza, kuumitsa, kenako autoclave pa 134°C kwa mphindi zosachepera 3 ngati makina anu ndi a vacuum, kapena 121°C kwa mphindi 30 ikakhala yokulungidwa m'makina wamba. Pochapa, yendetsani chala chovala gulovu pa chitsulo chonse. Kakukanda kalikonse kamene kakoka gulovu kadzang'ambanso chiwindi.

Fan ndi nkhani ina. Pakati pa zala zake ndi pa hinji pamakhala magazi ouma, choncho ichapidwe ili chitsegulire, ndipo pobowo pothirira madzi mupopemo ndi syringe ya 20 ml mpaka madzi atuluke oyera. Ikamagwira ntchito, itsegulidwe ndi kutsekedwa kamera ikuona. Zala zikamabwerera pamodzi zimatsina chilichonse chili pakati, kaya m'mphepete mwa chiwindi, omentum kapena thumbo, ndipo wogwira samva kanthu m'dzanja. Chala chimodzi chikapindika, fan imakana kutuluka mu port. Musaikoke mwamphamvu, tulutsani port ndi fan pamodzi. Fan zopangidwa kuti zigwire ntchito kamodzi, za pulasitiki, sizimasuka kuti muchape mkati, ndipo chonde zisabwerere kwa wodwala wina.

Chopindika chija chimalowa mu port ya 5 mm chili lende, kenako mumapotokola chogwirira kumbuyo, waya wa mkati n'kukoka timfundo kuti tipange katatu kapena bwalo. Chipotokoledwe chili pamalo opanda kanthu, chifukwa timfundo tikamalumikizana timatsina. Potulutsa, masulani mpaka kumapeto. Chimaphedwa ndi zinthu ziwiri: kulimbitsa mopitirira, komwe kumatambasula waya mpaka chidacho chileke kugwira, ndi kuchiika mu autoclave chili chomanga. Waya akaduka, kuno kulibe wokonza. Pachifukwa chimenechi nanenso ndikuti pa ndalama za chida chimodzi, chopanda waya ndiye chokhalitsa.

Zida zimenezi zisanyikidwe mu Jik. Chizolowezi cha chlorine ya 0.5% kwa mphindi 10 chinakhazikika kwambiri, koma malangizo a WHO a 2016 okhudza kukonza zida za chipatala anachiletsa, chifukwa chlorine imadya chitsulo ndipo magazi amaichotsera mphamvu. Saline nayenso amachititsa dzimbiri. Pukutani zida pa tebulo ndi madzi a sterile. Glutaraldehyde ya 2% kwa mphindi 20 imapha tizilombo tambiri koma si sterilisation, yomwe imafuna maola 10, ndipo chida chitsukuluzidwe bwino ndi madzi a sterile chisanalowe m'mimba.

Gauze iliyonse yolowa kukakhala pakati pa chitsulo ndi chiwindi ikhale ya ulusi wooneka pa X-ray, ndipo ilembedwe pa bolodi nthawi yomweyo. Ikanyowa magazi imafanana ndi chiwindi, n'kukabisala pansi pa segment 2.

Mbewe_wogonetsa

A Kamwendo, kumbukirani kuti pamwamba pa chiwindi chimene mukukwezacho pali diaphragm, ndipo pamwamba pa diaphragm pagona mtima. Palibe china pakati. Mbedza ikakankhira kumutu mopitirira, imapanikiza pansi pa mtima, mtima sudzaza bwino, BP imatsika, ndipo nthawi zina pa ECG pamabwera ma ectopic (kugunda kwa mtima kobwera pa nthawi yolakwika) kapena mzere wa ST umasintha. Izi zimachitika pa nthawi imene magazi obwerera ku mtima achepa kale chifukwa cha CO2 ndi tebulo lopendekeka. Choncho musanamange mkono, nenani mokweza kuti mukumanga, wogonetsa aike makina a BP kuti aziyeza pa mphindi imodzi kapena ziwiri kwa kanthawi. BP ikagwa mwadzidzidzi mutangomanga, choyamba si mankhwala. Masulani mbedza, tsitsani CO2 ifike 8 mpaka 10 mmHg, bwezani tebulo pang'ono. BP ikabwerera, vuto linali chitsulo, ndipo mubwezeretse chikukwezera kutsogolo ku khoma la mimba kusiyana ndi kumutu.

Musasokoneze zimenezi ndi CO2 yolowa m'chifuwa. Iyo imabwera mochedwerapo, pamene mukusenda m'mbali mwa oesophagus mkati mwa mediastinum n'kubowola pleura, kawirikawiri ya kumanzere. Pressure ya mpweya pa ventilator imakwera, CO2 yotuluka imakwera, oxygen imatsika, ndipo pa kamera diaphragm ya mbali imeneyo imatukumukira m'mimba. Nthawi zambiri kutsitsa pressure ya CO2 ndi kuwonjezera PEEP (pressure imene ventilator imasiya m'mapapo pambuyo potulutsa mpweya) kumakwanira, chifukwa thupi limamwa CO2 msanga, ndipo chest drain siifunika ngati phapo silinabooke. Koma BP ikakana kubwerera mutamasula zonse, mtima ukuthamanga, mitsempha ya m'khosi yatupa, ganizani za magazi m'thumba la mtima. N'zosowa, koma zinalembedwapo pa maopaleshoni a pa hiatus, ndipo ultrasound imayankha msanga.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: mbedza yamangidwa ku tebulo, osati kwa wodwala. Wodwala akasuntha, chitsulo chimatsala pomwepo. Akatsetsereka kumiyendo chifukwa palibe thabwa lopondera ndi malamba, chiwindi chimakokedwa pa mbedza. Akatsokomola kapena kukankha ndi mimba chifukwa mankhwala ofooketsa minofu atha, diaphragm imatsika mwamphamvu n'kumenyetsa chiwindi pa chitsulo. Ndiye tebulo lipendekeke kaye, kumanga kubwere pambuyo, ndipo aliyense wofuna kusintha tebulo anene kuti mkono umasulidwe. Chimodzimodzi mpweya ukatha mu silinda kapena ukatuluka wonse posintha port: khoma la mimba limagwa, malo amachepa, chiwindi chimapanikizika.

Za ALT ndi enzyme inzake ya AST, inde zimakwera, ndipo zimakwera kwambiri ndi Nathanson kuposa ndi njira zonyamulira chiwindi ndi ulusi. Zimafika pamwamba m'tsiku loyamba mpaka lachitatu, n'kubwerera m'malo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wodwala amene akumwa, sakutentha thupi, mimba yafewa, sakufuna chithandizo china. Chodetsa nkhawa ndi ALT yofika m'masauzande, kapena yokwerabe pa tsiku lachitatu, pamodzi ndi INR (muyeso wa kuundana kwa magazi), bilirubin kapena lactate yokwera, kutentha thupi ndi ululu pa chifu. Pamenepo ultrasound kapena CT ione ngati segment 2 ndi 3 zafa kapena pali magazi oundana pansi pa capsule, kachikopa kokuta chiwindi. Ife tingathandize posalola BP kukhala yotsika nthawi yaitali, posankha isoflurane m'malo mwa halothane pamene zonse zilipo, ndi poyeza paracetamol ndi sikelo: wosakwana makilogalamu 50 alandire 15 mg pa kilogalamu, osati galamu yathunthu.

Popeza mwatchula achalasia, oesophagus ya odwala amenewa imasunga chakudya cha masiku. Akhale pa zamadzimadzi masiku awiri kapena atatu, oesophagus ipopedwe asanagone, ndipo agonetsedwe ndi rapid sequence, kugonetsa kofulumira koteteza kuti chakudya chisalowe m'mapapo.

Kamwendo_registrar

Zikomo kwambiri nonse, rail tiyeza mawa. Ndatsala ndi mafunso awiri. Katundu akachedwa kufika, kodi pali njira yodalirika yogwiritsa ntchito zimene tili nazo kale? Komanso odwala athu ambiri amachokera kunyanja, ndipo ena chiwindi chawo n'cholimba ndi likodzo kapena hepatitis B. Kodi mbedza ndi yabwinobe kwa iwo?

Jere

Njira ilipo, a Kamwendo, ndipo pa munthu wowonda ine ndinganene kuti ulusi umaposa mbedza, ngakhale a Gondwe mwina satsatira. Chiwindi cha wodwala achalasia nthawi zambiri n'chaching'ono ndi chopepuka, sichifuna chitsulo chochindikala.

Yachidule ndi ya grasper. Ikani port ya 5 mm pamalo omwe aja pansi pa xiphoid, lowetsani grasper ya mano yokhala ndi loko, idutse pansi pa chiwindi, ikagwire nyama ya diaphragm pamwamba pa hiatus chakumanja, kumtunda kwa right crus. Thunthu la grasper ndi limene limanyamula. Kunja, gwirizitsani chogwirira ku nsalu ndi towel clip. Mulume mosazama, chifukwa kuseri kwa diaphragm pamenepo kuli thumba la mtima, ndipo muone kaye pamene inferior phrenic vein ikudutsa. Kuipa kwake n'koti imanyamula pa mzere umodzi, kotero mbali ya kumanzere kwenikweni imalendewerabe.

Ya ulusi imathetsa zimenezo. Tengani polypropylene 2-0 wautali, sokani msoko umodzi pa nyama ya m'mphepete mwa hiatus kutsogolo, dulani singano muitulutse. Nsonga ziwiri za ulusi muzitulutsire pakhungu ndi suture passer, imodzi kumanja kwa xiphoid, ina pansi pa nthiti za kumanzere, motalikirana masentimita 6 mpaka 8, kuti ulusi upange V pansi pa chiwindi. Passer ikasowa, cannula yaikulu ya 14G yokhala ndi lupu ya ulusi mkati imakoka bwino lomwe. Musanakoke, yalani gauze yopinda pakati pa ulusi ndi chiwindi, kapena veketsani ulusiwo chidutswa cha Penrose drain. Ulusi wosavala umadula chiwindi ukakokedwa. Kokani pang'onopang'ono mukuona, gwirani nsonga zonse ndi artery forceps pa gauze pakhungu. Ubwino wake ndi woti ulusi uli pa wodwala, kotero akasuntha umasuntha naye. Kuipa kwake n'koti umafuna munthu wodziwa kale kusoka mkati, ndipo pa hiatal hernia yaikulu nyama ya pamenepo ndi yopyapyala, msoko umazuka.

Ena amadula left triangular ligament n'kupindira chiwindi kumanja. Pa Heller n'kosafunika. Kupindako kumatseka magazi, left hepatic vein ili pafupi ndi pamene ligament imathera chapakati, ndipo m'nsonga mwake nthawi zina mumakhala kanjira ka ndulu kamene kamadontha pambuyo.

Ziliponso zatsopano. LiVac ndi mphete ya silicone imene imamatiza chiwindi ku diaphragm ndi suction, ndipo ya Levita imakoka ndi maginito kuchokera kunja. Yoyambayo imagwira kamodzi kokha ndipo suction ikaima chiwindi chimagwa. Yachiwiri ndi yodula ndipo siyenera kwa wokhala ndi pacemaker. Pa bajeti yanu zisiyeni.

Tsono za chiwindi cha kunyanja. Likodzo la m'matumbo, la Schistosoma mansoni, limalimbitsa nyama yozungulira nthambi za portal vein. Mbali ya kumanzere imakula, ya kumanja imafota, spleen imatupa, ma platelet amatsika, koma albumin ndi bilirubin zimatha kuoneka bwino, n'chifukwa chake munthu amapusitsika. Mbali imene yakulayo ndi yomwe mukufuna kunyamula, ndipo ndi yolimba, sipindika. Ulusi ndi grasper sizikwanitsa. Pamenepa mbedza yaikulu ndiyo yoyenera, yokwezedwa pang'ono, ndipo muvomere kuona pang'ono m'malo mokakamiza. Choopsa kwenikweni si chiwindi chenichenicho koma mitsempha yotupa. Paraumbilical vein imatsegukanso mkati mwa falciform ndi ligamentum teres, ndipo ili panjira ya trocar ya pa xiphoid ndi ya pamchombo. Port yoyamba ilowe motsegula pansi pa mchombo, ndipo ya pa xiphoid ilowe mutaunika khoma ndi kamera n'kuona mitsempha. Wodwala wotere ayambe wapimidwa ultrasound, platelet, INR ndi endoscopy. Mukapeza ma varices, mitsempha yotupa ija, pamalumikizano a oesophagus ndi chifu, myotomy imadutsa pomwepo, ndiye funso lasanduka loti kodi opaleshoniyo ichitike n'komwe, ndipo si wodwala woyambira kuphunzira.

Chiwindi cha mafuta ndi chosiyana: chachikulu, cholemera, chofewa ngati peyala lakupsa, chimaphwanyika pansi pa chitsulo. Chimachepa wodwala akakhala pa chakudya cha ma calorie pafupifupi 800 mpaka 1000 patsiku kwa masabata awiri asanalowe ku fiyeta, chifukwa glycogen ndi madzi ake zimachoka, ndipo ndi chimene amachita odwala a sleeve gastrectomy ndi gastric bypass.

Mukatsegula pars flaccida, yang'anani mtsempha wodutsa chopingasa kuchokera ku left gastric artery kupita ku chiwindi, limodzi ndi nthambi ya vagus. Umapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 10, ndipo mwa ena ndi wokhawo wodyetsa mbali ya kumanzere. Kuudula kenako n'kupanikiza mbali yomweyo ndi chitsulo kwa maola awiri ndi njira yodziwika yophera segment 2 ndi 3. Usungeni, gwirani ntchito pamwamba ndi pansi pake. Ngati watsekereza zedi, utsineni kaye ndi grasper yosavulaza kwa mphindi zingapo, mbedza itamasulidwa, muone ngati chiwindi chisintha mtundu.

Capsule ikang'ambika, musathamangire diathermy. Ikani gauze pabalapo, bwezani chonyamulira pamwamba pa gauze kuti chidine, dikirani mphindi 5 zenizeni za pa wotchi. Zambiri zimaleka. Zikapitirira, oxidised cellulose ngati Surgicel pansi pa gauze, kapena coagulation ya pamwamba ndi nsonga yobulungira. Magazi oundana pansi pa capsule amene sakukula asiyeni osabowola.

Gondwe

A Jere, pa munthu wowonda ndikuvomera, ulusi umagwira ndipo ALT siikwera kwambiri. Chondiletsa kuuika patsogolo kwa oyamba kumene n'choti msoko woyamba umasokedwa pafupi ndi mtima, hiatus isanaoneke bwino. Ayambe ndi grasper podikira katundu, ulusi adzauphunzire mbedza ili pomwepo yowathandiza kuona.

Pali chimodzi chimene sichinatchulidwe. Mbedza ndi chitsulo chosakutidwa. Hook ya diathermy ikaikhudza mutaponda, magetsi amayenda m'chitsulo chonse n'kuwotcha chiwindi kumene simukuona, ngakhalenso khungu polowera. Pa myotomy, yomwe imakwera masentimita 6 pa oesophagus ndi kutsika 2 mpaka 3 pa chifu, mbali ya kumtunda mumagwira ntchito pansi penipeni pa msana wa mbedza, ndiye phazi lichoke pa pedal nsonga isanatembenuke.

Pomaliza opaleshoni, mbedza ituluke mpweya usanatulutsidwe, kamera ikuona. Masulani mkono wina atagwira chogwirira, tsitsani chiwindi pang'onopang'ono, tembenuzani mbedza ichoke pansi pake, n'kuitulutsa motsatira kupindika monga inalowera. Kenako tukulani chiwindi ndi grasper muone pansi pake ndi pamwamba pake, werengani gauze, tsitsani CO2 ifike 6 mpaka 8 mmHg, ndipo muyang'ane pabowo la pa xiphoid kuchokera mkati kwa mphindi imodzi, chifukwa mtsempha umene chitsulo chinali chitadina umayamba kutaya magazi chikangochoka.